Zala anapanga, khungu likuwavutabe

Masiku ano ukangotsegula Facebook ukumana ndi vidiyo ya loboti ikupinda malaya kapena kunyamula dzira osaliswa, ndiye m'makomenti anthu ali kalikiliki kulira kuti ntchito zathu zapita. Ine sindinagonjebe. Chikuwavuta akatswiri opanga malobotiwa ndi khungu lomva kukhudza, zala anathana nazo kalekale.

Kampani ya Shadow Robot ya ku London ili ndi dzanja la mfundo 24 lopindika ngati lathuli. Mu 2019 a kampani ya OpenAI analiphunzitsa kutembenuza Rubik's Cube, chidole cha timabokosi ta mitundumitundu, lokhalokha mpaka mitundu yonse kubwerera m'malo mwake. Anthu anachita nazo chidwi, inenso ndinali m'gulu lomwelo. Koma eni akewo anavomera kuti akaisokoneza kwambiri, dzanjalo limakwanitsa kamodzi kokha pa maulendo asanu, nthawi zina kumangoigwetsa pansi. Pofika 2021 gulu lawo la maloboti anali atalithetsa. Tesla nayo yawonjezera njira zopindikira dzanja la loboti yake ya Optimus kuchoka pa 11 kufika pa 22, ngati kuti nkhani yagona pa kuchuluka kwa mfundo.

Tayesani izi: pisani m'thumba momwe muli makiyi, pepala ndi ndalama zachitsulo, mutulutse K10 osayang'ana. Mwaipeza nthawi yomweyo. Zala zamva m'mphepete mwake, kuzizira kwake, ndi pomwe imafuna kupulumuka. M'dzanja limodzi muli timitsempha tomvera kukhudza pafupifupi 17,000.

Roland Johansson wa ku yunivesite ya Umeå ku Sweden anachititsa dzanzi nsonga za zala za mayi wina, n'kumupatsa machesi kuti ayatse. Maso akuona bwinobwino, mphamvu zilipo, koma kamtengo ka machesiko kankangomupulumuka, kulimbana nako ngati mwana wakhanda. Maloboti ambiri ali ngati mayi ameneyu. Ndipo pophunzitsa amawaonetsa mavidiyo a anthu akugwira ntchito, pomwe vidiyo siijambula kuti chala chadina mwamphamvu bwanji. Rodney Brooks, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani ya maloboti ya iRobot, anadandaula zomwezi mu 2025.

Ndiye zaka zikubwerazi, m'mafakitale ndi mosungira katundu mupitirira kudzaza timanja ta zala ziwiri ndi timipira toyamwa makatoni, chifukwa n'zotchipa komanso siziwonongeka msanga. Dzanja la zala zisanu ndidzalikhulupirira tsiku lomwe lidzadine peyala pamsika n'kudziwa kuti lapsa, osalibowola.