Kafukufuku wa m'makalasi mwathu amathera kuti?

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Mzuzu, ndifunseko: mwa ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji osiyanasiyana amene amabwera kusukulu kwanu ndi mapepala a mafunso, ndi angati anabwereranso kudzakuuzani zomwe anapeza? Amafika mwaulemu, kalata ili m'manja, ahedi amavomera, ife timayankha pa bureki tiyi akuzizira. Akachoka, zii.

Sindikunyoza maphunziro awo ayi. Ndikudziwa komwe tachokera. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mu 1998 ma DEC (malo ophunzirira sekondale kudzera m'makalata) anasanduka ma CDSS (masekondale oyendera a m'madera), ndipo ambiri ophunzitsa kumeneko anali ndi satifiketi ya ku pulayimale basi. Ndiye Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, itatsegulidwa mu 1999 ku Luwinga, pamalo pomwe kale panali koleji ya aphunzitsi, n'kuyamba ndi maphunziro a uphunzitsi, inafika pa nthawi yake. Lero madigiri si achilendonso m'masekondale mwathu.

Chondidandaulitsa ndi mitu yomwe anthu amasankha. "Zifukwa zomwe ana amalepherera masamu." Yankho lake ngakhale alonda a pageti angakuuzeni: mabuku ndi ochepa, ana amabwera ndi njala, kalasi ladzaza. Munthu n'kuthera miyezi kuti atsimikize zimenezo?

Pamene mafunso otisowetsa tulo ali pomwepo, palibe akuwagwira. Tengani la chilankhulo. M'kalasi limodzi la Fomu 1 muli mwana amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, wina wochokera ku Nkhata Bay wa Chitonga, wina makolo ake anabwera ndi ntchito kuchokera ku Lilongwe. Buku ndi la Chingerezi, mayeso a MANEB ndi a Chingerezi. Tonsefe, tisanamizane, tikaona nkhope zauma timalumphira m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, ana n'kuyamba kugwedeza mitu. Koma oyendera sukulu akafika timasiya, ngati kuti ndi mlandu. Kodi kusakaniza kumeneku kumamuthandiza mwana akakhala yekha ndi pepala la mayeso, kapena kumangomusangalatsa pa nthawiyo? Tisakanize poyambira phunziro kapena pomangirira? Limeneli ndiye funso lofunika munthu akhale kumbuyo kwa kalasi teremu yonse, aziwerenga makope a ana, osati kungotifunsa maganizo athu pa pepala.

Chimodzimodzi ntchito ya m'magulu. Ku koleji amaiyamikira kwambiri, koma m'chipinda momwe mphunzitsi sangadutse pakati pa madesiki, gulu limakhala mwana mmodzi wolemba, ena onse akukamba za Bullets ndi Moyale.

Maganizo anga ndi awa. Wophunzira akabwera pa TP, kudzayeserera kuphunzitsa, mutu wa kafukufuku wake ausankhe limodzi ndi mphunzitsi amene wamupatsa kalasi. Ayese njira imodzi, aone ngati yasintha kanthu. Ndipo asanavale gauni, abwere pa msonkhano wa aphunzitsi ndi masamba awiri okha, atiuze mwachidule. Zamasamu ndi sayansi zingathe kukafikanso ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a m'masekondale, komwe aphunzitsi amakumana kale. Izi sizifuna ndalama ya boma, ya kabaza yakwana.

Palinso china. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuni, ndipo tonse tinamva kuwawa. Zolemba zosungidwa pamalo amodzi zimatha tsiku limodzi. Zikamwazikana m'masukulu, m'mafoni a aphunzitsi, m'magulu athu a WhatsApp, sizitayika chisawawa.

Ifenso tili ndi mbali yathu: ena tikaona mlendo wa TP timangomupatsa choko n'kukakhala padzuwa, makamaka mu June muno kukazizira. Wotero asadabwe akapanda kuuzidwa kanthu.

Amene mukufunafuna mutu chaka chino, wa chilankhulo uja tengani ulere. Kalasi langa la Fomu 1 lilipo, ndipo mpando wakumbuyo ndikusungirani.