Ku America amalemba odutsa, ku Canada amalemba osechedwa

Mayiko a United States ndi Canada ndi oyandikana, ndipo onse ali ndi lamulo loti boma lisanayambe kapena kuloleza ntchito yaikulu, liyambe launika momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe. Kusiyana kwawo kuli pa ntchito zomwe zimadutsa osaunikidwa. Zili ngati alonda awiri apachipata: wa ku America adamuuza kuti azisecha aliyense kupatula omwe mayina awo ali papepala, pomwe wa ku Canada adamuuza kuti azisecha okhawo ali papepala, ena onse azingolowa.

Lamulo la ku America ndi NEPA, lomwe pulezidenti Richard Nixon adasainira pa 1 Januwale 1970. Limagwira ntchito iliyonse yaikulu yomwe nthambi ya boma ikuchita, ikulipirira kapena ikuperekera chilolezo. Komabe nthambi iliyonse ili ndi mndandanda wake wa ntchito zomwe imati nthawi zambiri siziwononga kanthu, monga kukonza nyumba za boma kapena kuthira phula lina pamsewu womwe ulipo kale. Izi amazitcha categorical exclusion. Lipoti la mu 2014 la GAO, bungwe lofufuza momwe nthambi za boma zikugwirira ntchito, lidati pafupifupi ntchito 95 mwa 100 zilizonse zimadutsira khomo limeneli, ndipo zolemberedwa lipoti lathunthu la kauniuni sizikwana n'komwe imodzi pa 100. Pamenepa ine sindikuonapo chodandaulitsa. Kafukufuku wa boma lomwelo wa mu 2020 adapeza kuti lipoti lathunthu linkatenga zaka zinayi ndi theka, ndiye ndani angadikire zaka zonsezo kuti asinthe denga lodontha?

Vuto limabwera ntchito yoopsa ikabisala pakati pa zazing'onozi. Malamulo amati ngati pamalopo pali dambo, nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu kapena malo osunga mbiri, ntchitoyo ibwezedwe ikaunikidwe. Koma mu Epulo 2009 nthambi ya Minerals Management Service, yomwe inkayang'anira ntchito zokumba mafuta m'nyanja, idavomereza pulani ya kampani ya BP yokumba chitsime cha mafuta cha Macondo, pansi pa nyanja ku Gulf of Mexico, kudzera pa khomo lachidule lomweli. Patangotha chaka, pa 20 Epulo 2010, chombo chokumbira cha Deepwater Horizon chidaphulika, anthu 11 adafa, mafuta n'kumakhuthukira m'nyanja masiku 87. Kukumba pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 1,500 kudalowa gulu limodzi ndi ntchito zoti siziwononga kanthu.

Canada nayo poyamba inkayenda njira yofanana ndi imeneyi. Lamulo lake la 1992 linkagwira ntchito zambirimbiri, mpaka mu 2012 pomwe boma la Stephen Harper lidatembenuza zinthu. Kauniuni wa ntchito zing'onozing'ono pafupifupi 3,000 yemwe adali mkati adangothetsedwa, ndipo kuchokera pamenepo boma lalikulu limaunika kwenikweni ntchito zomwe zatchulidwa pamndandanda. Boma la Justin Trudeau litabweretsa Impact Assessment Act mu 2019, silidasinthe maganizo amenewa. Lidakwezanso malire ena: mgodi watsopano wa zitsulo unkaunikidwa ukamakumba matani 3,000 patsiku, koma adaukankhira pa matani 5,000.

Ubwino wake ulipo ndithu. Mwini ntchito amadziwiratu pomwe waima, ndipo akatswiri a boma sataya nthawi ndi timilatho. Koma nambala ikangolembedwa, aliyense wochenjera amapanga pulani yoima pansi pake pang'ono, kapena kuigawa ntchito m'magawo. Nduna ya zachilengedwe ili ndi mphamvu yokokera ntchito yotero mu kauniuni, kungoti zimatengera kufuna kwa ndunayo. Zotsalazo zimasiyidwa m'manja mwa zigawo monga Alberta ndi Ontario, chilichonse ndi malamulo ake. Ndipo mu Okutobala 2023 khoti lalikulu la dzikolo lidati mbali yaikulu ya lamuloli idalowerera mphamvu za zigawo, moti adachita kulikonzanso mu 2024.

Kundisankhitsa pakati pa njira ziwirizi, ndingatenge ya ku America, ngakhale ndi chipsera cha Macondo. Kumeneko wofuna kudutsa osaunikidwa ndiye ayenera kuonetsa kuti ntchito yake ikugwera m'gulu lokhululukidwa, ndipo munthu akhoza kukatsutsa kukhoti kuti gululo siloyenera. Ku Canada ntchito yomwe olemba mndandanda sadaiganizire imangodutsa, mtolo wopempha kuti iunikidwe n'kugwera anthu okhala pafupi nayo.

Koma mindandanda yonse iwiri imachepa mphamvu andale akafuna chinthu. Mu 1973 nyumba ya malamulo ya America idatseka milandu yonse ya NEPA yotsutsa paipi ya mafuta ya Trans-Alaska, mavoti a m'nyumba ya Senate atafanana ndipo wachiwiri kwa pulezidenti, Spiro Agnew, ataponya yake. Lamulo la REAL ID la 2005 lidapatsa nduna ya chitetezo cha m'dziko mphamvu yoika pambali lamulo lililonse lochedwetsa mpanda wa m'malire ndi Mexico, ndipo maboma angapo akhala akuigwiritsa ntchito. Mu 2023 paipi ya gasi ya Mountain Valley idavomerezedwa mkati mwa lamulo lokhudza ngongole za boma. Canada nayo mu Juni 2025, pansi pa nduna yaikulu Mark Carney, idakhazikitsa Building Canada Act, yolola nduna kutcha ntchito ina kuti ndi yofunikira ku dziko lonse n'kuifupikitsira njira.

Apa mpomwe Canada ili ndi chinthu chomwe mnzake alibe pamlingo womwewo. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dzikolo a 1982 limateteza ufulu wa mitundu ya eni nthaka, ndipo makhoti adati boma liyenera kukambirana nawo lisanavomereze ntchito yokhudza malo awo. Udindo umenewu sungafufutidwe ndi lamulo wamba. Mu Ogasiti 2018 khoti la apilo lidathetsa chilolezo chokulitsa paipi ya mafuta ya Trans Mountain chifukwa zokambiranazo zidali zachiphamaso, komanso kauniuni adasiya kunja nkhani ya sitima zonyamula mafuta ndi anangumi a m'nyanja ya kufupi ndi Vancouver. Boma lidabwerera kukachitanso zonse ziwiri lisanavomereze paipiyo kachiwiri mu 2019.