Kudinda chala sikutanthauza kuti munthu wamvetsa

N'zoona kuti wodwala ali ndi ufulu wokana kulowa m'kafukufuku wa anamwino, koma nkhani yagona pa kafunsidwe. Chaka chatha ndinkadwazika agogo anga pachipatala china kuno ku Mzuzu. Kunabwera mtsikana wa yunifolomu, fomu yovomerezera kulowa m'kafukufuku ili kumanja, n'kuwerenga mothamanga m'Chichewa, chonsecho agogowo chawo n'Chitumbuka. Iwo anangoti "yewo" n'kudinda chala. Atachoka, anandinong'oneza kuti amaopa kuti akakana awamana mankhwala. Ndiye tiziti anavomera pamenepa?

Munthu ali gone pabedi, diripi ili pamkono, amaona namwino ngati mfumu. Ofufuza inu, muuzeni m'chiyankhulo chake, pambali, osati wodi yonse ikutchera khutu, kuti ngakhale atasiyira panjira thandizo silisintha ndipo dzina lake silituluka. Paja ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972 abambo achikuda odwala chindoko anangosiyidwa osawachiza ngakhale mankhwala ake a penisilini atapezeka, ofufuza ali kalikiliki kulemba.

Kwathu kuno NHSRC, komiti ya dziko lino younika kafukufuku wa zaumoyo, ilipo, nayo yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ili ndi komiti younika kafukufuku. Abale a m'makomitiwa, muzifikako m'mawodimo mudzaone mmene mafomuwo akudindidwira.