Musandiuzenso kuti Fred Astaire ndiye anayambitsa gule wa tap

Dzulo m'gulu lathu la WhatsApp achimwene ena aponya kavidiyo ka Fred Astaire, mzungu wa ku America amene anatchuka ndi kuvina m'mafilimu, akuvina, pansi pake n'kulembapo kuti "uyu ndiye anayambitsa tap." Anthu ali m'manja phwaphwaphwa. Ine nsima inandikanika. Achimwene, kandimverere anakanena za m'maluwa!

Astaire ankavina, zimenezo sindikukana. Koma gule wogogoda pansi ndi nsapato za tizitsulo uja anamupeza ali kale m'mapazi mwa anthu akuda a ku America, atasakanikirana ndi magule a anthu ochokera ku Ireland. Anamupeza. Sanamuyambitse.

Bill Robinson, wovina wakuda amene ankamutchula kuti Bojangles, mumamudziwa? Mu 1935, mufilimu ya The Little Colonel, mdala wazaka zoposa 50 akukwera masitepe atagwirana dzanja ndi kamtsikana Shirley Temple, sitepe iliyonse ikulira ngati ng'oma pansi pa phazi lake. Chaka chotsatira, mufilimu ya Swing Time, Astaire anadzipaka nkhope kuti ide, ati kulemekeza Bojangles. Ulemu wake umenewo? Mwini gule ali moyo, ali pompo, inu n'kupaka mzungu makala?

Nanga abale awiri akuda aja, Fayard ndi Harold Nicholas? Kafufuzeni filimu ya Stormy Weather ya 1943 muone nokha. Cab Calloway akuimba, anyamatawo akulumpha pakati pa oimba malipenga, mpaka pamwamba pa piyano. Kenako akutsika masitepe akuluakulu, wina kudumpha pamutu pa mnzake n'kutera miyendo ili tang'a, mnzakeyo naye chimodzimodzi, mpaka pansi. Podzuka osagwira pansi ndi dzanja. Astaire yemweyo anavomera kuti sanaonepo kuvina koposa kumeneko mufilimu. Iye anavomera, inu mukukana chiyani?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu amenewa ankawalowetsa m'mafilimu ambiri ngati chigamba. Avine mphindi zitatu, atuluke, nkhani ipitirire popanda iwo, kuti eni makanema akumwera kwa America akafuna angodulapo ndi sizasi. Tsankho basi. Mu 1948 Fayard ndi Harold anavina limodzi ndi Gene Kelly mufilimu ya The Pirate, ndipo m'madera ena akumwerako chigawo chimenecho anachidula, chifukwa chakuti akuda avina pamzere umodzi ndi mzungu. Anawadula nthawi imeneyo ndi sizasi, lero inu mukuwadulanso ndi chala pafoni. Wovina ndi wina, dzina lapita kwa wina, inu muli m'manja.

Ndipo poti tayamba kale, ojambula mavidiyo a nyimbo masiku ano mwatani? Astaire, pa ichi ndimutama, ankaumirira kuti kamera ionetse thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osadukizadukiza. Inu sekondi imodzi nkhope, ina galimoto yobwereka, ina botolo, ina utsi. Mapazi a wovina ali kuti? Ndaonera mavidiyo atatu m'mawa uno, phazi sindinalione ngakhale limodzi.