Ku Chipata amafunsa mbiri ya munda, kuno timangoona kuda kwa dothi

Anthu akwathu ku Mchinji, pa nkhani yosankha malo odzala mbatatesi, anzathu a ku Chipata atisiya kutali, ndipo zikundiwawa.

Mlamu wanga wa tsidya la Mwami anamuonetsa dimba lakuda bii, lachinyontho, loti kuno tikanalimbirana mpaka kukafika kwa amfumu. Iye anangofunsa kuti, "Chaka chatha munadzala chiyani muno?" Atamva kuti munali tomato ndipo wina anafota, analikana pomwepo. Anakasankha kamtunda ka dothi lofiirira, lofumbutuka ukalifinya m'manja, posadikha madzi, pomwe kwa zaka zingapo pankangolimidwa chimanga.

Nanga ife? Yendani m'madambo a Bua muone. Akachotsa tomato, mawa lake mbatatesi, kumunda nako akuika mbatatesi pamene panali fodya. Chonsecho tomato, fodya, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi. Matenda ofotetsa aja amatsala m'dothi kwa zaka, amayenda ndi madzi othirira komanso dothi la pa khasu, ndipo ngakhale mupopere mankhwala botolo lonse sachoka. Dulani tsinde lofotalo, muliviike m'tambula ya madzi oyera, mudzaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika. Mukaona zimenezo, mundawo upume zaka 3 kapena 4 osaona mbewu ya banja limeneli. Makande omata aja nawo amaoletsa mbatatesi mvula ikachuluka, koma ife bola dothi lada, tati ndi lachonde!

Pena ndiwamvetse abale anga. Zambia ndi yaikulu kuposa Malawi kasanu ndi kamodzi pomwe chiwerengero cha anthu sichisiyana kwenikweni, ndiye kugoneka munda kwa iwo si nkhani. Kuno kadimba kamodzi kakudyetsa banja lonse. Ndipo pa kukoma, Rosita ndi Violet wa ku Dedza ndi Ntcheu sindingamusinthanitse ndi mbatatesi ya dziko lililonse. A ku Angónia ku Mozambique nawo amalima kwambiri, koma amenewo mapiri ndi kuzizira zimawakondera.

Komabe kufunsa sikulira malo aakulu. Alangizi tili nawo, ndipo Chitedze, komwe amayeza dothi, timaidutsa tikamapita ku Lilongwe. Inu obwereketsa madimba, pamene mukulandira ndalama zathu muzitiuzanso chimene chinafota m'menemo.