Woimba wotchuka wagwa m'chikondi, nanga amalume ndi abusa ali kuti?

Maganizo anga kwa inu olemba nkhani zachikondi pa Facebook pano, makamaka zija za woimba nyimbo zauzimu kapena wosewera mpira amene wakopeka ndi mtsikana wa kwaya. Nkhani zimenezi anthu amazikonda, ndipo n'zoyeneradi kuzikonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti zambiri zimafera pakati, zikafika gawo 8 kapena 10, chifukwa wolemba watchula kutchuka, tchalitchi ndi achibale kumayambiriro kenaka n'kuziiwala. Zinthu zitatuzi n'zimene ziyenera kuwatsekera njira awiriwo, ndipo kuti ziwatsekeredi, muyenera kudziwa mmene chilichonse chimayendera.

Tiyambe ndi kutchuka. Woimba kuno salemera ndi nyimbo imodzi yomveka pa wailesi. Ndalama yake imabwera akakhazikitsa chimbale ku Robin's Park kapena Comesa Hall mu Blantyre, ku BICC mu Lilongwe, akaimba pa maukwati, ndi kangachepe kochokera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Tsiku la phwandolo lisanafike amakhala atalipira kale holo, zokuzira mawu, anyamata a bandi, maposita ndi kulengezetsa pa wailesi, nthawi zina ndi ndalama ya katapila. Mvula ikagwa masana amenewo, mipando theka ili pululu ndipo ngongole ili pompo. Ndiye muli ndi mnyamata amene dziko lonse likumuona ngati mpondamatiki, abale a mtsikana akuyembekeza ukwati wa dzaoneni, iye m'thumba mulibe ngakhale yogulira tambala wa pa chinkhoswe. Imeneyo ndi nkhani kale. Simufunikanso ngozi ya galimoto.

Musaiwalenso kuti kutchuka kumapweteka kwambiri amene sali wotchukayo. Chithunzi chimodzi chojambulidwa mobera pa malo odyera, m'mawa mwake chili m'magulu a WhatsApp, anthu akumuyeza mtsikana nkhope, diresi ndi kwawo. Mayi ake amazimvera ku msonkhano wa amayi Lachinayi, mwana wawo asanawauze kanthu. Tionetseni mayiwo akuvula duku loyera pakhomo osalankhula, foni ili pa mpasa.

Pa chipembedzo ndi pamene ambiri mumadutsa mothamanga. Mumangolemba kuti "anali opemphera kwambiri", basi. Mpingo wake uti? Funso limeneli limasintha nkhani yonse. Ngati mnyamata ndi Mkatolika amene anadalitsa kale ukwati n'kusiyana ndi mkazi wake, sangakwatirenso kutchalitchi mkaziyo ali moyo, pokhapokha bwalo la mpingo litagamula kuti ukwati woyambawo sunali wovomerezeka, ndipo zimenezo sizitha sabata imodzi. Ngati mtsikana ndi wa CCAP ndipo watenga pathupi ukwati usanachitike, nkhani imapita ku seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, amaimitsidwa mgonero, ndipo kutsogolo kwa kwaya saimanso. Ngati wampira wanu ndi wa Seventh Day, Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo, pamene masewero ambiri a ligi amaseweredwa Loweruka ndi Lamulungu masana. Asankha chiyani tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, bambo a mtsikana, omwe ndi mkulu wa mpingo, akumuyang'ana? Ngakhale maina muziwasamala: amayi a CCAP ku Sinodi ya Blantyre ndi a Mvano, ku Nkhoma ndi a Chigwirizano, ku Livingstonia ndi a Umanyano. Mukasokoneza pamenepa wowerenga wa ku Dedza wakutulukani kale, sakukhulupiriraninso.

Cholakwika chachikulu n'kugwiritsa ntchito pemphero ngati kiyi wotsegulira pamene wolemba wasowa polowera. Mneneri walota, mfiti yaululika, ngongole yatha, apongozi agwada. Ayi. Anthu opemphera enieni amadziwa kuti umatha kusala kudya masiku atatu, wakatapila n'kubwerabe Lolemba. Pemphero m'nkhani lisinthe munthuyo: apeze mphamvu yonena zoona, yokana kukaimba pa malo amene mtima wake ukumuletsa, yopepesa. Vuto lenilenilo alithetse yekha ndi miyendo yake.

Tsopano achibale, pamene pali mafuta a nkhani. Kwa Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, mnyamata sangogwada ndi mphete pa Cape Maclear n'kuti zatha. Mtsikana amauza mayi ake kapena azakhali, nkhani imafika kwa amalume, mwini mbumba. Mnyamata nayenso amatuma amalume ake kapena akulu ake kukafunsira mbeta. Akuchikazi sayankha tsiku lomwelo, amati tikamufunse kaye mwana, ndipo pa masabata amenewo amafufuza mwakachetechete: kwawo n'kuti, ali ndi mwana kwina kapena ayi, anakwatirapo? Kwa munthu wotchuka kufufuza kumeneku n'koopsa, chifukwa aliyense ali ndi nkhani yake, yoona ndi yabodza yomwe. Magawo atatu athunthu akhoza kukhala pa kudikira yankho kokhaku.

Kenaka chinkhoswe. Ankhoswe a mbali ziwiri amapatsana tambala ndi msoti, mnyamata amapereka khasu ndi nkhwangwa, akuchikazi amatulutsa lichero, mthiko ndi chipande. Atsikana amabwera atafunda zitenje kumutu, akuchimuna aloze wawo, akaphonya alipire. Taganizani woimba amene amadzaza holo, lero wakhala pa mpasa mutu pansi, amalume a ku Ntcheu omwe sanamvepo nyimbo yake akumufunsa kuti, "Nanga inu achimwene, ntchito yeniyeni mumagwira chiyani?" Pamenepo kutchuka kwagwa pansi popanda wolemba kulalikira. Palinso funso lakuti akakhala kuti, chikamwini kapena chitengwa, ndipo ana adzakhala a mbali iti. Mtsikana akakhala wa ku Mzimba, Karonga kapena Nsanje, nkhani ndi ya malowolo, ndipo kutchuka kwa mnyamata kumakweza zimene akuchikazi akuyembekeza. Musasakanize miyambo iwiriyi m'banja limodzi popanda chifukwa.

Chonde, amalume kapena apongozi asakhale oipa chabe. Apatseni chifukwa chomveka. Mwina anaona mchemwali wawo akusiyidwa ndi mwamuna woyendayenda. Wowerenga akafika poti, "komatu amalumewa akunena zoona," ndiye kuti nkhani yagwira.

Za kayalidwe kake, magawo 20 mpaka 24 a mawu pafupifupi 700 lililonse amakwana, chifukwa anthu amawerengera pa foni, bandulo ikutha. Awiriwo akumane pofika gawo 2, ndipo akumane ali pa ntchito, monga kusitudiyo kapena pokonzekera kwaya, osati kugundana pa msewu mabuku n'kugwa. Pofika gawo 6 wowerenga adziwe chimene aliyense ataye akapitiriza chibwenzicho: mnyamata otsatira ake, mtsikana malo ake mu mpingo. Chinsinsi chachikulu chikhale chimodzi chokha, chibzalidwe gawo 3 kapena 4, chiphulike cha m'ma 14. Mukaika zinsinsi zitatu, mwana wobisika, matenda ndi mapasa osiyanitsidwa, palibe chimene chimalemera. Gawo lililonse lithere pa chosankha chimene wina wapanga kapena akuyenera kupanga mawa. Anthu ofunika asapitirire asanu ndi mmodzi, ena onse akhale odutsa.

Pakamwa pa anthu anu muzimvetsera. Mtsikana woleredwa mu mpingo sanena "iwe" kwa amalume ake, ndipo mnyamata sayitana apongozi ndi dzina. Chibwenzi chikamakula, kuchoka pa "inu" kufika pa "iwe" kumanena zambiri kuposa ndime yonse yofotokoza kugunda kwa mtima. Akakwiyitsana n'kubwerera pa "inu", wowerenga amamva kuzizira kwake yekha.

Chinthu china chimene sindinganyengerere: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira kulowa m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Mtsikana wa Fomu 2 wotengedwa pa galimoto ya munthu wotchuka si nkhani yachikondi, musailembe ngati yokoma. Mupatseni zaka zake, ntchito yake, kaya ndi namwino, mphunzitsi kapena wosoka, ndi mawu ake pa bwalo la ankhoswe.

Ndipo mukafika pa ukwati, kumbukirani kuti mipingo yambiri imaulengeza masabata angapo usanadalitsidwe, kuti amene ali ndi chifukwa choletsa abwere poyera. Kwa munthu wotchuka masabata amenewo ndi aatali kwambiri. Gawo lanu la 22 likhale Lamulungu lomaliza kulengeza, mlembi wa mpingo ataimirira ndi pepala m'manja, mtsikana ali pa benchi ya amayi akumvetsera ngati wina kumbuyo atsokomole.