Mapu a pepo mumawakhulupilira, chenjezo la azanyengo mumaliseka, mwatani kodi?

Ndakhala ndikungoyang'ana koma lero ndiyankhula, wokwiya akwiye. Loweruka lapitali mnyamata wina wakutchalitchi kwathu kuno ku Yorkshire, dzina sinditchula mwiniwake akudzidziwa, anachita kumutulutsa pawindo ndi ozimitsa moto pansi pa buliji ya sitima, madzi atafika pa chiwongolero. Chikwangwani cha Road Closed chinalipo, makoni ali ndondondo, iye kutsika, kusuntha koni imodzi ndi manja ake omwe, nkubwerera mgalimoto nkulowa mmadzimo ati akuchedwa ku shifiti. Galimoto yangongole, inshuwalansi ya third party, injini yamwa madzi, nkhani yathera pompo. Chenjezo la amber la mvula (machenjezo a azanyengo kuno ali ndi mitundu itatu, yelo, amber ndi red woopsa kwambiri) linali litatuluka kale, pa TV analinena, pa foni linalipo. Ndiye atafunsidwa kuti achimwene simunamve kodi, yankho lake ndi lomwe landikhalitsa pansi kulemba izi. Akuti "a weather amanama awa, sinowo ankanena mwezi watha uja ali kuti?"

Ankanena ndani? Tandiuzeni. A Met Office, bungwe la boma loona zanyengo kuno ku UK, ananenapo za sinowo ameneyo? Si inu nomwe a pa gulupu ya WhatsApp amene munatumiza chithunzi cha mapu a Britain yense atapakidwa pepo kuyambira Aberdeen mpaka Southampton, pamwamba mutalemba kuti abale konzekani kukubwera zoopsa, share kwa ena? Amayi ena mpaka anakagula matumba awiri a ufa ndi makandulo, wina anasinthitsa tikiti ya ndege ndalama zake nkupita, tsikulo litafika kunja kuli kamvula kowaza basi ndi 9 digiri. Bodza munanama ndinu, koma mbiri yoipa yapita kwa azanyengo, ndipo mwana wa eni wakalowa nalo mmadzi bodza lanulo.

Musanatumize munayang'anako pakona pa chithunzicho? Pamakhala tizilembo ting'onoting'ono pamenepo, GFS 18z +312h, pena +384h. Ma awala amenewo, osonyeza kuti ulosiwo ndi wa mtsogolo bwanji. 384 mukagawa ndi 24 akukupatsani masiku 16. Munthu wamkulu ndi ndevu zako, ukukhulupilira kuti pali kompyuta padziko pano yodziwa kuti pa stiriti yako ku Bradford padzagwa masentimita 23 a sinowo masiku 16 akubwerawo nthawi ya 6 koloko madzulo? GFS ndi modelo ya ku America, pulogalamu ya pakompyuta yolosera nyengo, imathamanga kanayi patsiku, pa maola omwe amalembedwa 00z, 06z, 12z ndi 18z, ndipo ulendo uliwonse imajambulanso zatsopano. Ya mmawa imuika namondwe pa Leeds, ya masana yamusamutsira ku Norway, ya usiku namondweyo kulibiretu kwangotsala dzuwa. Inu mumatola imodzi yokhayo yoopsa kwambiri ija, zitatu zinazo simuziona nkomwe chifukwa sizikoma kutumiza. Kumudzi mwana wamng'ono amadziwa kuti chizimalupsa sabzalira, koma kuno anthu a madigiri awo akuthamanga ndi khasu chifukwa cha mtambo umodzi wa pa sikirini.

Eni ake a ntchitoyi sadalira ulendo umodzi. A ECMWF, bungwe la maiko a ku Ulaya lolosera nyengo, omwe likulu lawo lili ku Reading konkuno, amaithamangitsa modelo yawo ka 51 nthawi imodzi, ulendo uliwonse atasinthako pang'ono poyambira, kuti aone ngati mayankho agwirizane. Aku America nawo ali ndi yawo ya maulendo 31. Ndiye zikatuluka kuti atatu okha mwa 51 akuonetsa sinowo, ena onsewo mvula ndi mphepo ya kumadzulo, wanzeru anena chani? Koma nyuzipepala zina zapa intaneti zija, zomwe chaka chilichonse ikangofika November zimalemba za snow bomb ndi tsiku lake lenileni, zimatola mmodzi mwa atatu aja nkumuika pamutu pa nkhani, inu nkudina, iwo nkudya ndalama za otsatsa malonda. Chaka chatha analemba zomwezo. Chaka chinacho zomwezo. Simutopa kupusitsidwa ndi munthu mmodzimodzi?

Palinso akatswiri athu ena apagulupu, awa ndiye amandimaliza. Waona mapu a buluu olembedwa 850 hPa, pali -10 pamwamba pa Manchester, basi voice note ya mamineti asanu kuti abale Lachitatu kuzizira -10 ana asapite kusukulu. Bambo, -10 ameneyo ndi wa mpweya wa mmwamba pafupifupi kilomita ndi theka, inu mumakhala mmwambamo? Winanso amatenga mapu a snow depth, oonetsa kuya kwa sinowo pansi, ngati Baibulo, osadziwa kuti ambiri mwa mapu amenewo amangowerengera chilichonse chogwa ngati chikhala pansi osasungunuka, pomwe nthaka ili yofunda ndipo theka lake ndi sleet wongonyowetsa jekete. GFS imaliona dziko mmabokosi a makilomita pafupifupi 13, phiri ndi chigwa zonse mbokosi limodzi, ndiye ikadziwe bwanji za kamtunda kakwanu? Modelo ya Met Office yoona pafupi ija, UKV, mabokosi ake ndi a kilomita imodzi ndi theka, ndipo ngakhale iyoyo sayerekeza kulosera za sabata ziwiri, imangoona masiku ochepa akutsogolo.

Dziko lino sinowo wake ndi wa mwamwayi, si Canada kuno. Chilumba chozunguliridwa ndi nyanja, mphepo yambiri imachokera ku Atlantic ili yofunda, digiri imodzi yokha ndi yomwe imalekanitsa mvula ndi sinowo. Ndipo apa ndi pomwe uchitsiru wina umatulukira mbali inayo. Munthu wasuzumira pawindo ku Manchester waona mvula, akuti aaa zabodza zija, walowa mgalimoto ulendo wa ku Leeds pa M62 atavala ka jekete kopyapyala, mafuta ali pa kota, foni 12 peresenti. Simudziwa kuti msewu umenewo umakwera mpaka mamita 372, palibe motorway ina yokwera kuposa pamenepo mu England muno? Mamita 100 aliwonse mukamakwera kuzizira kumaonjezekera kuposa theka la digiri, ndiye werengani nokha kuti mvula ya 2 digiri ya mtauni ikakhala chani pamwamba paja. Mu March 2023 anthu anagona mmagalimoto pamsewu womwewo usiku onse. Mu 2018 nthawi ya kuzizira koopsa kuja kotchedwa Beast from the East magalimoto pafupifupi 1,000 anatsekeredwa pa M80 ku Scotland mpaka kunacha. Inuyo ndi ndani kuti sinowo akupatseni ulemu? Ena mpaka Google Maps ikawauza kuti Snake Pass ndi yachidule amakhotera komweko usiku mu January, msewu woti eni dziko amauopa ndipo umatsekedwa kawirikawiri.

Chomwe chimandipweteka mutu ndi ichi, chithunzi chopanda mwini cha masiku 14 mumachigwadira, koma chenjezo lenileni lokhala ndi dzina la Met Office, lokhala ndi tsiku, ola loyambira ndi lothera, madera ake atalembedwa bwinobwino, limenelo ndiye mumaliseka. Ati ndi yelo chabe. Yelo chabe? Anakuuzani ndani kuti yelo ndiye kuti zazing'ono? Mtundu uja amauika poona zinthu ziwiri, kuopsa kwa chinthucho ndi mwayi woti chichitikadi, ndiye yelo wina amatanthauza kuti sitinatsimikize koma chikabwera chiswa zinthu. Mukanadina nkuwerenga mizere inayi yokha ija mukanaona, koma ayi, nthawi yowerenga mulibe, ya TikTok ndiye muli nayo. Yelo wa lero mawa mmawa amasanduka amber inu muli mtulo. Red akatuluka ndiye kuti moyo uli pachiswe, sakunyengererani ayi.

Mwaiwala namondwe Arwen mu November 2021, nyumba pafupifupi miliyoni imodzi magetsi anazima, ena mpaka sabata kupitilira ali mumdima, anthu anatsekeredwa mu pub ya Tan Hill Inn mausiku atatu? Mwaiwala Eunice pa 18 February 2022, mphepo ya 122 mph ku The Needles pa chilumba cha Isle of Wight, denga la bwalo la zisangalalo la O2 ku London kung'ambika anthu akuonera? Babet mu October 2023, tauni ya Brechin kumira, anthu kufa, ena a iwo mmagalimoto? Onsewa anachita kulengezedwa asanafike, mayina anapatsidwa, ndipo chiyambire 2015 amawapatsa mayina dala kuti anthu ngati inu mutchere khutu. Nthawi ya Darragh mu December 2024 boma linachita kuliza mafoni a anthu pafupifupi 3 miliyoni ku Wales ndi kummwera chakumadzulo kwa England, sayirini yeniyeni mthumba. Ndinamva ndi makutu anga munthu akudandaula kuti yamudzidzimutsa, akufunsa momwe angaizimitsire kuti isadzalirenso. Ndiye azikuuzani bwanji, abwere ndi ng'oma pakhomo panu?

Ndipo ife a ku Malawi ndiye sitiyenera nkomwe kuchita chibwana ndi madzi. Freddy wa mu March 2023 tinalira tonse, tinasonkha ndalama pa magulupu omwewa, zithunzi za ku Chilobwe mpaka lero ena sititha kuziyang'ana. Abale athu ambiri aja analibe kothawira. Inu muli ndi nyumba ya heating, foni ya ndalama zambiri, bungwe la boma la Environment Agency likutumizirani uthenga waulere wa madzi osefukira mukangolembetsa postcode yanu, koma mwalembetsa angati? Madzi oyenda a masentimita 30 amasuntha galimoto, a 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, inu mukuti SUV yanga ndi yaitali. Pansi pamadzipo mukuonapo? Chivundikiro cha ngalande chikakhala chazuka mudziwa bwanji? Madzi ake osakanikirana ndi zakuchimbudzi, wina nkumavula nsapato kuyendamo uku akujambula video ya pa status.

Za ayezi ndisayambe nkomwe. Mmawa munthu wapala ka bowo kangati chikhatho pagalasi lakutsogolo, kwina konse kuli mbuu, padenga pali chimulu cha sinowo, ana awiri kumbuyo, wanyamuka. Wina kuthira madzi owira a mketulo pagalasi, lathetheka, ayamba kunena za mfiti zakumudzi. Highway Code yomwe munaloweza kuti mukhoze theory ija imanena kuti pa ayezi galimoto imafuna mtunda wochuluka kakhumi kuti iime, pamvula kawiri, koma inu muli pa bampala ya mnzanu matayala ali ngati chipande. Black ice saoneka, msewu umangooneka ngati wanyowa. Ndipo makolo, ana anu akamasewera mmbali mwa dziwe louma ndi ayezi inu mukujambula ati first snow, simunamve za ana anayi aja anafa ku Babbs Mill Lake ku Solihull mu December 2022? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

China ichi ndachimva kawiri tsopano ndipo chikundiopsa. Magetsi akazima ena mukumalowetsa mbaula ya braai mnyumba, makala ali ngwee, mawindo a double glazing otseka, pansi pa chitseko mwatsekanso ndi thaulo kuti mphepo isalowe. Nyumba zakuno si zakwathu zolowa mphepo mmalata. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, mumangomva tulo tokoma banja lonse. Mukufuna tidzasonkhe za mabokosi angati? Nambala ya magetsi akazima ndi 105, yaulere, isungeni.

Ndikudziwa ena muyankha kuti madala inu simukudziwa za care, ntchito yosamalira okalamba ija, ukapanda kupita ku shifiti sponsor wa visa yako akuona ndi diso lina, agogo akudikira mankhwala. Ndikudziwa bwino lomwe, ndipo palibe akuti musapite. Koma chenjezo limatuluka dzulo lake kapena dzana, bwanji osaimbira manejala usiku womwewo nkugwirizana zochita, bwanji osanyamuka msanga nkudzera msewu waukulu womwe amathira mchere, bulangeti ndi tochi ndi botolo la madzi zili mbuti? Ma awala awiri omwe munataya kukangana pagulupu za mapu a pepo aja, simukanaona ulosi wa mawa lenileni? Za masiku atatu kapena asanu akubwerawa azanyengo amalasa ndithu nthawi zambiri, zikapitilira sabata amangokuuzani mbali yomwe zinthu zikupendekera, ndipo iwo eni amanena poyera kuti sakutsimikiza. Wotsimikiza za masiku 15 ndi msuweni wanu yekha wa pa Facebook.

Panopa kwayambanso kuzungulira china, ati White Christmas yatsimikizika, mapu ake omwe aja, pakona +360h. Ndachiona mmagulupu atatu, china chatumizidwa ndi munthu woti ndi mkulu wampingo. Kwa a Met Office kambewu kamodzi kokha ka sinowo kakagwa penapake mu UK pa 25 December ndiye White Christmas imeneyo yakwana, ndiye musayambe kulonjeza ana zinthu. A admin ntchito yanu ndi chani kodi, kungolandira anthu atsopano basi? Amene mwatumiza chithunzicho kachifufuteni lero lomwe. Ndinu akuluakulu inu, musatichititse manyazi.